Mwatola kamwana ka gologolo wouluka? Musathamangire kukapatsa mkaka

Chaka chilichonse April akalowa, kenanso mu August ndi September, anzathu a kuno ku Indiana, ku America, amayamba kundiimbira foni. Amadziwa kuti ndimathandizira mayi wina amene ali ndi chilolezo chosamalira nyama zakutchire, ndiye mphepo ikagwetsa nthambi kapena odula mitengo akachoka, funso limakhala lomwelo: "Tatola kanyama pansi pa mtengo, tikapatse chiyani?" Yankho langa silisintha. Musakapatse kanthu kaye. Tiana tambiri timene timafika kwa ife tili kayakaya sitikhala titafooka ndi njala, timakhala titavulazidwa ndi mkaka umene munthu wachifundo anatipatsa mothamanga. Ndalemba zonse pano kuti wofunsa wina ndizingomutumizira.

Gologolo wouluka wa mbali ya kum'mawa kwa America, amene akatswiri amamutcha Glaucomys volans, amapezeka kuyambira kum'mwera kwa Canada mpaka ku Florida ndi Texas. Ndi wochepa kwambiri, wamkulu amalemera magalamu 45 mpaka 85. Sakupiza mapiko ngati mbalame. Ali ndi chikopa chopyapyala chochokera pa dzanja kukafika pa mwendo, mbali zonse ziwiri, ndipo akadumpha pamwamba pa mtengo amachitambasula n'kuyandama mpaka pa mtengo wina. Amayenda usiku wokhawokha, n'chifukwa chake anthu amakhala naye zaka kuseri kwa nyumba osamuonapo. Amagona m'mphako, makamaka zimene gogomole anasiya, ndipo nthawi zina m'denga la nyumba. Bere lake ndi la masiku 40, ndipo tiana timabadwa tiwiri, titatu kapena tinayi, kalikonse kolemera magalamu 3 mpaka 5, kopanda ubweya, maso otseka.

1. Onani kaye chimene mwatola

Valani magolovesi kapena gwirani ndi kansalu. Kokerani kadzanja pambali pang'onopang'ono. Mukaona chikopa chikutambasuka pakati pa dzanja ndi mwendo, ndi gologolo wouluka, ndipo chikopachi chimaoneka ngakhale pa kamwana kobadwa kumene. Mbewa ilibe, gologolo wamba wotuwa uja alibenso.

Za magolovesi musazitenge mwachibwana. Kuyambira m'ma 1970 madokotala kuno anapeza kuti matenda a typhus amatha kuchoka kwa agologolowa kupita kwa anthu, ndipo amakayikira nsabwe ndi utitiri wa m'zisa zawo. Sizichitika kawirikawiri, koma sambani m'manja ndi sopo mukatha kukagwira, ndipo chisa chakale musalowe nacho m'nyumba.

Msinkhu mungauyerekeze chonchi: ubweya umayamba kutuluka kumapeto kwa sabata yoyamba, ndipo maso amatseguka pakati pa masiku 24 ndi 30.

2. Katenthetseni

Kamwana kopanda ubweya sikatha kusunga kutentha m'thupi mwake. Kakazizira, m'mimba mwake mumaima, moti chilichonse chimene mungakamwetse chimangokhala m'menemo n'kuyamba kusasa. Choncho kutentha ndiye koyamba, zina zonse pambuyo.

Pezani katoni yaing'ono ya nsapato, boolani timabowo pachivindikiro, yalani malaya akale a T-shirt kapena nsalu ya fleece. Thaulo ayi: tizikhadabo take timakola mu ulusi wa thaulo ndipo kakamadzikoka kamatha kuthyoka chala. Pansi pa theka la katoniyo ikani heating pad, kachipangizo kamagetsi kaja kothowera msana, mutakatsitsa pa low. Ndati theka, kuti kakamva kutentha kwambiri kathe kukwawira mbali inayo. Chenjerani, ma heating pad ambiri amazima okha pakatha maola awiri, ndipo anthu amadzuka m'mawa n'kupeza katoni ili zii.

Ngati mulibe, thirani mpunga wosaphika mu sokosi, mangani kukamwa, tenthetsani mu microwave masekondi 30, kenaka finyafinyani kuti kutentha kufalikire paliponse. Yesani pa tsaya lanu musanaike. Sokosiyo imazizira pakatha ola limodzi, ndiye muzibwereza. Katoni ikhale m'chipinda cha mdima, chopanda phokoso, kutali ndi mphaka, galu ndi ana. Ana adzalira kuti akaone, akanizeni.

3. Kayang'aneni thupi lonse

Funani magazi, chiwalo cholendewera, nyerere, ndi mazira a ntchentche, amene amakhala tinthu toyera tounjikana m'makutu, m'kamwa kapena pansi pa mchira. Mukapeza chimodzi mwa izi, dumphani gawo lachinayi, pitani pa lachisanu.

Ngati kanali m'kamwa mwa mphaka, ndi ngozi ngakhale simukuona bala. Malovu a mphaka ali ndi tizilombo totchedwa Pasteurella, ndipo kanyama kochepa chonchi kamatha kufa pasanathe masiku awiri kakapanda kulandira mankhwala. Kamaoneka bwinobwino lero, mawa kapita.

4. Yesani kukabwezera kwa make, koma usiku

Tiana tambiri timene anthu amati ndi tamasiye make amakhala ali moyo. Gologolo wamkazi amakhala ndi zisa zina zapadera, ndipo chisa chimodzi chikawonongeka amanyamula ana ake ndi pakamwa, mmodzimmodzi, kupita nawo kwina. Zoti mukakhudza kamwana make amakakana chifukwa cha fungo la munthu si zoona. Chimene chimamulepheretsa ndi kukapeza kozizira.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa amatsatira malangizo olembedwera gologolo wamba, amene amayenda masana. Mukaika kamwana panja dzuwa likuswa mtengo, make ali mtulo, mukungoitana akhwangwala. Kasungeni pofunda tsiku lonse. Dzuwa likangolowa, kaikeni mu katoni yosavindikira pamodzi ndi sokosi yampunga ija, ndipo mangirirani katoniyo pa thunthu la mtengo umene kanagwamo, pamwamba ndithu pomwe mphaka sangafike msanga. Ngati mtengowo unadulidwa, gwiritsani ntchito wapafupi kwambiri ndi chitsa. Musakakwirire ndi nsalu mpaka kubisika. Zimitsani magetsi apanja, lowetsani agalu, inu muziyang'anira pawindo. Kulira kwa kamwanako ndi kumene kumaitana make, choncho kakamalira musade nkhawa.

Muzipita kukasintha sokosi ola lililonse. Kukagwa mvula kapena kukazizira kwambiri, kalowetseni. Usiku ukafika pakati make osabwera, lowani nako m'nyumba.

5. Imbani foni kwa wachilolezo

M'maboma ambiri a America, kusunga nyama yakutchire popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale mutaitola ndi mtima wabwino. Anthu amene ali ndi chilolezocho amatchedwa wildlife rehabilitator, mwachidule rehabber: amalera nyama zovulala ndi zamasiye kenaka n'kuzibwezera kutchire, ndipo ambiri ndi ongodzipereka, ogwirira ntchito kunyumba kwawo. Kuno ku Indiana nthambi ya boma yoona zachilengedwe ya DNR ili ndi mndandanda wawo pa intaneti. Kwina kulikonse m'dzikoli, tsamba la Animal Help Now limakuonetsani amene ali pafupi nanu.

Imbani mutangomaliza kukatenthetsa, musadikire kuti zivute. Nyengo ino anthuwa amakhala ndi tiana tambiri toti tiyamwitsidwe, ndiye akapanda kuyankha siyani uthenga, tumizani chithunzi, imbaninso wina. Chipatala cha ziweto wamba nthawi zambiri sichilandira nyama zakutchire, koma chimadziwa amene amalandira.

Magawo otsatirawa ndi a nthawi imene mukudikira ndipo wachilolezo wakuuzani kuti muyambe, kapena a inu amene mukuphunzira ntchitoyi pansi pa wina. Ngati abwera kudzakatenga pakangopita maola ochepa, kutentha ndi mdima zakwana.

6. Madzi kaye, mkaka pambuyo

Tsinani pang'ono chikopa cha pamsana n'kusiya. Chikabwerera msanga, zili bwino. Chikatsala chitaima, thupi lauma. Kamwana kouma thupi sikagaya mkaka.

Gulani Pedialyte wopanda zokometsera. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya Thanzi ORS amene timamwetsa ana otsegula m'mimba kumudzi. Mutenthetseni pang'ono, ndipo perekani timadontho towerengeka mphindi 20 kapena 30 zilizonse kwa maola angapo, potsatira njira ya m'gawo lotsatirali. Musapitirire maola 24, chifukwa mchere wake umachuluka, ndipo musamusakanize ndi mkaka.

7. Kuyamwitsa

Malangizo ambiri amangoti "kamwetseni ndi sirinji" basi, ngati kuti ndi nkhani yapafupi. Apa ndiye pamafera tiana tambiri, choncho ndichedwapo.

Mkaka wa ng'ombe ayi. Nido ayi, mkaka wa makanda wa m'chitini ayi, phala ayi. Mkaka wa gologolo uli ndi mafuta ambiri ndi shuga wochepa, ndipo wa ng'ombe umakatsegula m'mimba mpaka kuuma. Osamalira agologolo amagwiritsa ntchito mkaka waufa wa Fox Valley, wopangidwira nyama zakutchire, kapena Esbilac waufa wa tiana ta agalu. Funsani wachilolezo wanu kuti mugule uti. Kasakanizidwe kofala ndi muyezo umodzi wa ufa pa miyezo iwiri ya madzi otentha, koma maulendo oyamba muchulukitse madzi, kenaka muzichepetsa pang'onopang'ono mpaka pofika tsiku lachiwiri. Sakanizani maola angapo isanakwane nthawi, sungani mufiriji kuti ufa usungunuke bwino, ndipo wa dzulo tayani.

Zida ndi ziwiri. Choyamba, sirinji yopanda singano ya 1 ml, imene mungapemphe ku famase. Tibotolo ta ana a mphaka ndi kachubu kodonthezera mankhwala m'maso musagwiritse ntchito, chifukwa simungalamulire kuchuluka kwa mkaka wotuluka. Chachiwiri, sikelo ya kukhitchini yoyeza magalamu. Popanda sikelo mukungolota.

Muyezo ndi uwu: ulendo uliwonse kamamwa magawo 5 pa 100 a kulemera kwake. Ka magalamu 10 kamamwa 0.5 ml. Ka magalamu 20 kamamwa 1 ml. Mudzaona ngati n'zochepa momvetsa chisoni, ndipo kamwanako kadzapitiriza kufunafuna ndi pakamwa. Musagonje. Gologolo wamng'ono sadziwa kukhuta, ndipo mimba ikafufuma, kuibweza ndi ntchito yaikulu. Kayezeni m'mawa uliwonse musanakamwetse, lembani pa pepala, ndipo muyezo uzikwera motsatira sikelo. Kopanda ubweya kamayamwa maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe. Maso akatseguka mukhoza kufika pa maola anayi.

Mkaka ukhale wofunda ngati thupi, madigiri 37 kapena 38 a Celsius, omwe ndi pafupifupi 100 pa Fahrenheit. Viikani sirinji yodzaza m'kapu ya madzi otentha, kenaka donthezani pa mkono wanu. Mkaka wochepa chonchi umazizira msanga, ndipo wozizira kamaukana, choncho kapu ija ikhale pafupi.

Tsopano kagwiridwe. Khalani pansi pamalo owala. Kakulungeni m'kansalu kofunda, mutu wokha panja, ndipo kagwireni choimirira, mutu m'mwamba, kapena kagone chafufumimba pa nsalu mutu utadzuka pang'ono. Chagada ayi, ngakhale kamodzi. Ife tinazolowera kugoneka khanda chagada pa mkono, ndipo dzanja limapita lokha kumeneko, koma kwa gologolo njira imeneyo imatsetserezera mkaka m'mapapo. Sirinji ibwere kuchokera m'munsi, nsonga yake italoza kumwamba kwa m'kamwa, osati kukhosi.

Ikani dontho limodzi pa milomo, dikirani. Kadzanyambita. Ikani lina. Kakazindikira kuti muli chakudya kadzagwira nsonga ya sirinji ndi timanja tonse tiwiri n'kuyamba kukoka mwamphamvu yodabwitsa, ndipo ngozi imayambira pomwepa. Kamakoka mwamsanga kuposa mmene kangamezere, moti nthawi zina ntchito ya chala chanu si kukankha ayi, koma kugwira ndodo ya sirinji kuti isatsike yokha. Kankhani pang'ono, imani, onani pakhosi kuti kameza, kankhaninso. Theka la ml likhoza kukutengerani mphindi zisanu kapena kuposa, ndipo palibe cholakwika. Sirinji ikayamba kulimba n'kumatsika modumpha, itayeni, tengani yatsopano. Kudumpha kumodzi kokha kumakwana kudzaza kamwa lonse.

Maso anu akhale pa mphuno nthawi yonse. Mukaona thovu kapena dontho la mkaka likutuluka m'mphuno, kapena kakuyetsemula, katsamwa. Chotsani sirinji pompo, kazondotseni mutu pansi mofatsa kuti mkaka utuluke, pukutani mphuno ndi tishu mpaka iume, ndipo dikirani mphindi zingapo musanapitirize. Pa tsiku lotsatira muzikaika pafupi ndi khutu lanu. Mukamva kaphokoso koti tche, tche, tche pa mpweya uliwonse, ngakhale kali mtulo, kenaka kayamba kukana mkaka ndi kufooka, chimenecho ndi chibayo chobwera chifukwa cha mkaka wolowa m'mapapo. Sichitha chokha. Pamafunika mankhwala ochokera kwa dokotala wa nyama tsiku lomwelo, osati mawa.

Musanamwetsenso, gwirani pamimba. Pakhale pofewa. Pa kamwana kopanda ubweya mkaka umaoneka ngati kachigamba koyera kudzera pachikopa cha pamimba. Ngati kachigambako kakadalipo kapena mimba ili gwaa, musawonjezere. Kaviikeni m'madzi ofunda kulekeza m'khwapa, sisitani pamimba mofatsa, kapukuteni bwino, kenaka imbani foni. Ndipo nthawi iliyonse kakamveka kozizira m'manja mwanu, bwererani pa gawo lachiwiri musanatole sirinji.

8. Kathandizeni kukodza ndi kuchita chimbudzi

Kamwana kotseka maso sikadzithandiza kokha. Make amakanyambita kumunsi. Inu viikani thonje m'madzi ofunda, finyani, ndipo sisitani pansi pa mchira mopepuka kwa mphindi imodzi kapena ziwiri mukatha kuyamwitsa kulikonse. Mkodzo ukhale woyera kapena wachikasu pang'ono. Wakuda ndi chizindikiro chakuti thupi likadali louma. Chimbudzi cha kamwana koyamwa mkaka waufa chimakhala timibulu tachikasu. Chikakhala chamadzi kapena choyera, mwina mwachulukitsa mkaka kapena mwafulumira kuulimbitsa.

Mukakhala ndi tiana tingapo, tina timayamwa maliseche a tinzake pofuna bere, mpaka kutupa. Mukaona zimenezo, tisiyanitseni ndi kansalu kapena katoni ina kwa masiku angapo.

9. Chakudya cholimba: mtedza ndi chimanga zisakhale poyambira

Maso akatseguka kamayamba kutafuna zinthu, koma mkaka upitirire mpaka kataleka kokha, pa miyezi iwiri kapena kupitirirapo. Musakaletse bere ndinu.

Aliyense wa ife akaona gologolo amaganiza za mtedza ndi chimanga, ndipo kamazikondadi. Vuto ndi lakuti mtedza, chimanga ndi mpendadzuwa zili ndi phosphorus wambiri ndi calcium wochepa. Kanyama kakamadya zimenezi tsiku ndi tsiku, thupi limayamba kuchotsa calcium m'mafupa. Matendawa osamalira nyama amawatcha MBD: mafupa amafewa, miyendo yakumbuyo imafa, kenaka kamayamba kukomoka. Amabwera mwakachetechete, ndipo mwini amazindikira kanyama katagwa kale.

Choyamba kulowa m'kamwa chikhale rodent block, timabisiketi tolimba topangidwira makoswe ndi agologolo, tokhala ndi zonse zofunika m'thupi. Kakazolowera ameneyo, onjezerani masamba monga a broccoli ndi a kale (mtundu wa kabichi wosakulunga), bowa wogula m'sitolo, ndi kachidutswa ka apozi. Gologolo wouluka amadya zanyama kuposa agologolo ena, kutchire amagwira tizilombo ndi kudya mazira a mbalame, choncho mphutsi za mealworm zingapo zimathandiza. Mtedza wa m'mitengo, monga hickory ndi pecan, ubwere pomaliza, umodzi patsiku, uli m'chikhokhombe chake kuti kaphunzire kuswa ndi kupala mano. Madzi akumwa akhale m'kambale kosaya.

Pa msinkhu umenewu katoni yatha ntchito. Pamafunika khola lalitali, la waya wa mabowo osaposa theka la inchi, chifukwa kamatuluka pa mpata umene simungaukhulupirire. Ikanimo nthambi ndi kabokosi kogonamo. Mukakatulutsa m'chipinda kuti kayesere kuyandama, vindikirani toileti ndi ndowa zamadzi. Kakagweramo sikatha kutuluka, ndipo ambiri oleredwa m'nyumba amafa motero.

10. Kubwerera kutchire

Kadzakukondani. Kadzalowa m'thumba la malaya anu n'kugona, ndipo ana adzakapatsa dzina. Komabe ndi kanyama kausiku, kamene kamafuna anzake, ndipo kamayenda inu mutagona. Maso akatseguka chepetsani kukanyamula, ndipo kasazolowere mphaka kapena galu, chifukwa kunja kukawathamangira m'malo mothawa.

Ichi ndi chifukwa china chokaperekera kwa wachilolezo: iye amaphatikiza tiana ta msinkhu umodzi kuti tikule pamodzi ndi kutuluka pamodzi. Tikakwana miyezi itatu kapena inayi, tikutha kuswa mtedza wolimba ndi kuyandama bwino, khola limapita panja pansi pa mitengo ikuluikulu kwa masabata angapo kuti tizolowere nyengo ndi kulira kwa kadzidzi. Kenaka madzulo ena amatsegula kakhomo kakang'ono, n'kusiya kabokosi kogonamo, chakudya ndi madzi pomwepo mpaka titaleka kubwerera. Kungokatengera kunkhalango n'kukasiya pa mtengo si kukamasula, n'kupatsa kadzidzi chakudya.

Tiana tobadwa mu April timatuluka chilimwe chisanathe. Tobadwa mu September nthawi zambiri timakhala tisanakonzeke pamene masamba akuyoyoka. Agologolowa sagona nyengo yonse yachisanu. Amapulumuka pounjikana ambiri m'mphako imodzi ndi kudya mtedza umene anabisa, ndipo kamwana koleredwa m'nyumba kalibe gulu, kalibenso nkhokwe. Tiana totere timasungidwa mpaka masamba ataphukanso, ndiye ngati mwavomera kuthandiza kulera ka mu September, konzekerani khola ndi chakudya cha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo.